Kodi Maso Okha Akwanira pa Ulendo?

Alipo anthu ambiri amene aganiza kuti ulendo wokaona dziko ndi nchito ya maso okha. Iwo akakwera galimoto, naona phiri lalitali ndi mathithi okongola, najambula zithunzi zambirimbiri, amabwerera kwao mitima iri mbee, nanena kuti dziko lija aliona. Ine sindivomereza zimenezi. Ndifuna kuonetsa anzanga ndi aphunzitsi athu olemekezeka kuti pa ulendo wotere chinthu chachikulu ndicho pakamwa pa munthu wotsogolera, ndi kuti wotsogolera amene angoloza zokongola, osanena kanthu za anthu amene anakhala pamalopo, wawabera alendo ake, ngakhale awabweze kwao osapunthwa chala. Kuti nkhani yathu isangoyandama m'malere, nditenga ulendo umodzi weniweni, umene alendo amayenda tsiku limodzi pa chisumbu cha Réunion, kuchokera mu mzinda wa Saint-Denis kukafika ku midzi ya m'chigwa cha Salazie.

Poyamba tichidziwe chisumbucho. Chiri m'nyanja yamchere ya India, makilomita pafupifupi 700 kum'mawa kwa Madagascar, ndipo kuyambira 1946 chiwerengedwa ngati chimodzi cha zigawo za dziko la France. N'chaching'ono ndithu, pakuti m'litali mwake sichifika makilomita 80, koma pakati pake paima phiri la Piton des Neiges, lotalika mamita 3,070, ndiko kuti lipambana pang'ono Sapitwa wa pa Mulanje, amene ali ndi mamita 3,002. Chisumbu chonsecho chinabadwa ndi moto. Chiphalaphala chotentha chinali kutuluka pansi pa nyanja, chikauma china n'kubwera pamwamba pake, kufikira muluwo unatulukira kunja kwa madzi. Piton des Neiges linazima zaka zikwizikwi zapitazo, koma linzake la Piton de la Fournaise likali lamoyo, ndipo mu 2007 chiphalaphala chake chinadula msewu wa m'mbali mwa nyanja chisanathirire m'madzi. Mozungulira phiri lozimalo nthaka inagumuka, mvula nikumba maenje atatu akuluakulu onga mitondo, okhala ndi makoma a miyala mbali zonse. Maina ao ndiwo Salazie, Cilaos ndi Mafate. Wina akadabwa kuti mvula ingakumbe bwanji maenje otere, amve ichi: mu Januwale 1966, pa malo otchedwa Foc-Foc pachisumbu pomwepo, panagwa mvula ya mamilimita 1,825 pa maola 24 okha, ndiyo pafupifupi kawiri mvula imene Lilongwe alandira chaka chathunthu.

Tsono tiutsate ulendowo monga umayendera. Alendo amalawira m'mamawa, chifukwa dzuwa likakwera mitambo imatsika n'kuphimba mapiri, ndipo wochedwa sakaona kanthu koma nkhungu. Galimoto itsata gombe kulowera kum'mawa pakati pa minda ya nzimbe, ndipo posachedwa ifika pa Sainte-Suzanne. Apa maso okha anena kuti, nzimbe, tchalitchi, nyumba, tiyeni tipitirire. Koma wotsogolera wodziwa nchito yake sangapitirire chete, pakuti pamenepa panachitika chinthu chimene chinasintha ulimi wa maiko ambiri.

Chomera cha vanila, chimene fungo lake timalimva m'makeke ndi m'mabisiketi, kwao ndi ku Mexico. Atachitengera ku maiko ena chinali kungochita maluwa osabereka, popeza tizilombo tonyamula mungu wake, ndiwo ufa wa m'duwa, tinatsala kwao. Mu 1841 mnyamata wina kapolo wa pa Sainte-Suzanne, dzina lake Edmond, wa zaka 12, anapeza njira yofulumira yoberekera maluwawo. Ndi kamtengo kakang'ono anatukula kachikopa kolekanitsa mbali yaimuna ndi mbali yaikazi ya duwa, nakanikiza mbali ziwirizo pamodzi ndi chala chachikulu. Njira imeneyi ndiyo agwiritsabe nchito alimi a ku Madagascar, kumene kuchokera vanila wambiri wa pa dziko lapansi. Eni minda analemera nayo, koma Edmond, amene anapatsidwa dzina la Albius pomasulidwa mu 1848, anamwalira ali wosauka mu 1880. Taganizani, anzanga: mwana wochepera ambiri a ife, wosakhalapo pa benchi la sukulu. Kodi zenera la galimoto likadakuuzani zimenezi?

Pa Saint-André msewu ufulatira nyanja, nulowa m'mpata wopapatiza umene mtsinje wa Rivière du Mât unaboola. Mbali zonse ziwiri makoma akwera obiriwira, ndipo madzi atsika nao m'malo ambiri ngati ulusi woyera. Kupitirira pang'ono mudzi wa Salazie kuli mathithi otchuka a Voile de la Mariée, ndiko kunena nsalu yoyera ya kumutu kwa mkwatibwi, ndipo apa aliyense atsika kuti ajambule. Mlendo wochokera kwathu adzaseka poona chomera chimene chayanga ponseponse, pa mathandala ndi m'maphompho momwe, pakuti ndicho shushu yemwe uja wa kuseri kwa nyumba, amene iwo amutcha chouchou. Amadya chipatso chake, nsonga zake ndi muzu wake, ndipo ndi ulusi wa m'tsinde mwake amaluka zipewa.

Dzuwa lisanafike pamutu afika ku Hell-Bourg, mudzi wokhala pamtunda wa mamita oposa 900, wa nyumba zamatabwa zopakidwa utoto, za makhonde ndi zokongoletsa zosemasema m'mphepete mwa madenga. Dzinalo lichokera kwa Bwanamkubwa de Hell, amene analamula chisumbucho kuyambira 1838 kufikira 1841. Kale panali akasupe a madzi otentha, ndipo anthu achuma a ku gombe anali kukwera kuno kudzasamba ndi kuthawa kutentha, kufikira namondwe wa mu 1948 anaononga akasupewo. Lero mudziwo uli m'gulu la midzi yokongola koposa ya dziko la France. Alendo amadyera pomwepo mpunga, nyemba, ndi nyama yothira zonunkhira imene aitcha cari.

Kufikira pano palibe wotsutsana nane, pakuti zonsezi n'zokoma kumva. Mlandu uyamba pamene alendo aima kumapeto kwa mudzi, naona phiri losongoka loima lokha pakati pa chigwa. Wotsogolera waulesi anena kuti, ilo ndi Piton d'Anchaing, taonani kukongola, ndipo onse ajambula nakwera galimoto. Koma Anchaing ndi dzina la munthu. Nanga anali yani, ndipo anali kufunanji pamwamba pa thanthwe lotere?

Chisumbu cha Réunion chinalibe anthu kufikira Afalansa anayamba kukhalapo cha m'ma 1660, nachitcha Bourbon. Kuti alime khofi, ndipo pambuyo pake nzimbe, anabweretsa akapolo ochokera ku Madagascar, ku gombe la kum'mawa kwa Afrika, ndi ku India. Lamulo la mu 1723 linanena kuti kapolo wothawa amene watha mwezi kuthengo adulidwe makutu ndi kuotchedwa chizindikiro paphewa ndi chitsulo chamoto. Akathawa kachiwiri adulidwe mtsempha wa kuseri kwa bondo. Akathawa kachitatu aphedwe. Ngakhale lamulo linali loopsa chotere, amuna ndi akazi anathawabe, nakwera m'maenje atatu aja, kumene Azungu anali asanapondeko. Anamanga timidzi pamalo obvuta kufikako, nalima chimanga ndi mbatata, nasankha mafumu ao. Afalansa anali kuwatcha marrons. Boma linatumiza magulu a alenje a mfuti kukawasaka monga nyama, ndipo mlenje akapha wothawa anali kubwera ndi dzanja lake kuti likhale umboni wolandirira mphotho. Wotchuka mwa alenjewo anali François Mussard, amene gulu lake linapha mfumu Mafate mu 1751.

Motero oyamba kukoleza moto m'zigwa zimenezi anali anthu okana ukapolo. Iwo sanasiye buku ngakhale limodzi, koma maina ao anatsala pa mapiri. Chigwa cha Mafate chinatenga dzina la mfumu ija. Phiri la Cimendef, loima pakati pa Salazie ndi Mafate, linatenga dzina la mtsogoleri wina, ndipo akuti m'chinenero cha ku Madagascar dzinalo litanthauza munthu wosakhala kapolo. Maina a Salazie ndi Cilaos omwe achokera m'chinenero chomwecho. Za Anchaing, anthu asimba kuti anathawa pamodzi ndi mkazi wake Héva, nakhala pamwamba pa phiri lija zaka zambiri, nabalirapo ana.

Apa ndipo pagona maganizo anga. Makoma amene akondweretsa kamera ndiwo makoma omwewo amene anabisa othawa. Chigwacho chikadakhala chosalala ndi chapafupi kulowamo, mlendo sakadachijambula, ndipo kapolo sakadathawiramo. Kukongola kwake ndi mbiri yake n'chinthu chimodzi. Wotsogolera wosonyeza choyambacho nabisa chachiwiricho afanana ndi munthu wotengera mlendo ku nkhalango ya kumanda, namuuza kuti taonani mthunzi wabwino, osamuuza kuti pansipo pagona anthu. Mlendoyo adzakhala pansi nadya kamba wake mosekera, osalakwa iye, koma wolakwa ndi uja anatseka pakamwa.

Ndipo ife sitinganene kuti maliro amenewa ndi a eni, ife satikhudza. Mu 1776 wamalonda wina wa Chifalansa, dzina lake Morice, anapangana ndi Sultani wa ku Kilwa kuti azimpatsa akapolo 1,000 chaka ndi chaka opita ku zisumbu za Afalansa, ndipo Kilwa ndiko kunali kuthera njira za malonda zochokera ku Nyanja yathu. Ena anakwezedwa m'zombo pa madoko a Mozambique, ndipo pakati pao panali Amakua, Ayao ndi anthu ena a kumtunda. Ukapolo unathetsedwa pa Réunion pa 20 Disembala 1848, pamene anthu pafupifupi 62,000 anamasulidwa, ndipo ndalama za chipepeso zinapita kwa ambuye ao, osati kwa iwo. Komabe eni minda anali kufunabe manja, ndipo anayamba kugula anthu pa gombe la Mozambique, nawalemba ngati anchito odzipereka okha. Mu 1857 Apwitikizi anagwira chombo cha Chifalansa chotchedwa Charles et Georges chiri ndi anthu otere oposa 100. David Livingstone, amene anafika ku Shire mu 1859, anadzudzula malonda amenewa chifukwa anali kusonkhezera nkhondo zogwira anthu kumtunda. Tsono mwana wa kuno akaima pa Hell-Bourg, nayang'ana mapiri aja, sali kuyang'ana mbiri ya anthu achilendo okhaokha ai.

Ndidziwa kuti ena adzanditsutsa, ndipo mau ao ayenera kumveka. Woyamba adzati: mlendo walipira ndalama zake kuti apumule, osati kuti amvetsedwe chisoni. Ndiyankha kuti palibe wopempha mlendo kulira. Eni chisumbu omwe, tsiku la 20 Disembala, limene liri la tchuthi, amalikumbukira ndi ng'oma ndi gule wa maloya, amene anachokera kwa akapolo. Nkhani ya munthu wothawa unyolo, nakwera thanthwe limene ife tiopa kungoliyang'ana, nalimapo munda, siri nkhani yofooketsa mtima. Komanso munthu wamkulu sanamizidwa ngati mwana kuti asalire. Mlendo amene auzidwa zokoma zokha wapeputsidwa, ngakhale iye sadziwa.

Wachiwiri adzati: tsiku limodzi n'lochepa, ungaphunzirenji pa maola ochepa otere? Uyu wanena zoona ndithu. Ulendo wa tsiku limodzi wa pa galimoto sungafike m'kati mwa Mafate, pakuti kulibe msewu, ndipo anthu okhala kumeneko amayenda pansi kapena kudalira helikopita. Ku Cilaos kuli msewu, umene unatsegulidwa mu 1932, koma uli ndi makhotakhota oposa 400, ndipo wofuna kuona Cilaos ndi Salazie tsiku limodzi adzangoona msana wa dalaivala. Koma kuchepa kwa nthawi ndiko kumene kukulitsa nchito ya wotsogolera. Munthu wokhala mwezi angadzipezere yekha zambiri. Wokhala tsiku limodzi alibe china koma chimene auzidwa. Chifukwa chake ndinena kuti kuli bwino kuima malo atatu ndi kumvetsa, kusiyana ndi kuima malo khumi ndi kungojambula. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wachitatu, amene mwina ndi wokonda phunziro la mbiri, adzati: otsogolera amasakaniza zoona ndi nthano, nanga tiwakhulupirire bwanji? Ichinso chiri ndi pake. Nkhani ya Anchaing imatha mosiyanasiyana: ena ati anaphedwa ndi mlenje, ena ati anadziponya kuphompho, ena ati anagwidwa nakhululukidwa. Wotsogolera woona mtima ayenera kunena poyera kuti ichi chinalembedwa, ichi anthu angosimba. Koma tisathamangire kutaya zosimbidwazo. Tifunse kuti zolembedwazo analemba ndani. Analemba ndi alenje aja ndi akalaliki a boma, powerenga anthu amene aphedwa ndi amene agwidwa. Pa bwalo la milandu, mfumu yomva mbali imodzi yokha siweruza bwino. Maina a mapiri ndi nthano za m'midzi ndiwo mboni yokha ya mbali inayo, ndipo mboniyo ikhala ndi moyo pokhapokha wina ailankhula.

Wachinayi adzati: zonsezi ziri m'mabuku ndi pa intaneti, wotsogolera ngwachiani? Inde ziripo, ndipo wanzeru awerenge asananyamuke. Koma buku silingakuuze kuti tembenuka msanga mtambo usanatseke, ilo ndi Cimendef. Silingayankhe funso limene wolemba sanaliganizire. Ndiponso buku silidziwa anthu a lero. Okhala m'Salazie tsopano ambiri ndi alimi, zidzukulu za omasulidwa aja ndi za Azungu osauka amene anayamba kukwera m'chigwamo cha m'ma 1830 posowa minda ku gombe. Akhala pa nthaka yosakhazikika: mu 1875 mbali ya phiri inagumuka nikwirira mudzi wa Grand Sable ndi anthu oposa 60, ndipo ku Grand Îlet nthaka iri kusunthabe pang'onopang'ono, n'kumang'amba makoma a nyumba. Wotsogolera wobadwira komweko adziwa chifukwa chake anthu sasamuka. Iye ndiye aphunzitsa mlendo kupereka moni ndi kupempha asanajambule munthu, pakuti mlimi ali m'munda mwake sali chionetsero. Iye ndiye adziwa nyumba yophika bwino, kotero kuti ndalama ya mlendo itsala m'mudzi, osabwerera yonse ku mahotela a ku gombe.

Mu 2010 bungwe la UNESCO linalemba mapiri ndi zigwa za Réunion m'kaundula wa malo ofunika kusungidwa ndi dziko lonse lapansi, chifukwa cha kukongola kwake ndi zomera zake zosapezeka kwina. N'chinthu chabwino. Mitengo ndi mathithi tsopano ziri ndi alonda. Koma dzina lisungidwa mosiyana ndi mtengo. Lingakhale lolembedwa bwino pa mapu ndi pa chikwangwani, koma likatchulidwa ndi anthu osadziwa mwini wake, lasanduka phokoso chabe. Alendo mazanamazana angatchule Mafate tsiku liri lonse, napita kwao akuyesa kuti ndi liu la Chifalansa. Pamenepo Mussard wapambana kachiwiri, popanda kuomba mfuti.

Nanga ife tichitepo chiani? Ambiri a ife sitidzafika ku Réunion msanga, koma maulendo a sukulu timayenda, ndipo ena a ife tidzakhala otsogolera alendo, aphunzitsi, kapena olemba mabuku. Pempho langa kwa anzanga ndi ili: tikatsika galimoto, tisayambe ndi kamera, tiyambe ndi funso. Dzina ili anatcha ndani? Litanthauzanji? Anayamba kukhala pano ndani, ndipo anapita kuti? Pa mpata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi pali mabwinja a Fort Lister, linga lomangidwa mu 1893 kuti litseke njira imene akapolo anali kudutsira popita ku gombe. Ndi angati a ife amene tingapite pamenepo, n'kubwerako tikusimba za mphepo yozizira yokha? Safunsa anadya phula.

Kwa aphunzitsi athu ndipempha mwaulemu kuti pokonza ulendo, wa phunziro la malo ndi wa phunziro la mbiri akwere galimoto imodzi, ndipo pa malo ali onse afunefune munthu wachikulire wa pomwepo woti alankhule nafe, ngakhale kutero kuchepetse malo oimapo. Wotsogolera wotere alipidwe bwino, pakuti chimene atipatsa sichigulidwa m'sitolo. Amene ali ndi maganizo osiyana ndi angawa ayankhe m'magazini yotsatira, ndipo tidzamva.